Tsiku Limene Esinati Anagwada

Ine ndi Esinati tinakulira pa mphasa imodzi ku Lizulu, koma chabwino chilichonse chinkagwera mbali yake. Amayi ake ndi ang'ono awo a amayi anga. Tili Fomu 3 tonse awiri, amalume amene ankatilipirira fizi anabwera kudzanena kuti mbatata sinachite bwino chaka chimenecho, ndiye akwanitsa mwana mmodzi yekha. Malipoti athu a kusukulu sanawayang'ane n'komwe. Esinati anawabweretsera madzi osamba m'manja, nagwada, maso pansi. Ine ndinaimirira pakhomo n'kufunsa kuti, "Ndiye mmodziyo ndani?"

Amalume anati, "Wadziyankha wekha."

Sukulu yanga inathera pomwepo.

Za kukhululuka musandiuze, ndinazimva kale kutchalitchi. Ndinakhala pamsewu ndikuthamangira mabasi ndi beseni la kabichi pamutu, Esinati akudutsa ndi yunifolomu yosita. Nditamva za ejenti wa ku Lilongwe amene ankatumiza atsikana ku Dubai, ndinanyamuka osatsanzika amalume. Ndinkati apa ndiye Esinati ndamusiya. Ndinkadzinamiza. Nditagwira ntchito chaka, Madamu a m'nyumba imene ndinkagwirayo anabereka mwana wachiwiri n'kufuna wantchito wina, ndipo amayi anandilirira pafoni mpaka ndinapereka dzina la Esinati. Fomu 4 yakeyo inali itamusiya pakhonde akusenda nyemba, chifukwa Chingerezi sanakhoze bwino. Ndinamuitanitsa ndine, ndi pakamwa panga pomwepa.

Banja limene tinkagwirako linali la Matchaina. Tinkakhala ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba yosanjikizana yofanana ndi zinzake mzere wonse, moti tsiku loyamba ndinasochera pochokera kotaya zinyalala. Bwana ankagulitsa mababu ndi nyali zamagetsi, katundu ankasunga ku Jebel Ali. Madamu Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka, apa, pukuta, ayi, kuphatikizapo "yalla" wa Chiarabu amene aliyense ku Dubai amafulumizitsira mnzake. Ife tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, wina pamwamba wina pansi, makina ochapira akunjenjemera pafupi ndi mutu. Sabata yake yoyamba, Esinati anagwada popereka tiyi. Madamu anamukoka mkono akuseka, ndipo iye analeka. Ine sanandikokepo mkono, chifukwa sindinagwadepo.

Bambo ake a Bwana anabwera kudzadya nawo chaka chatsopano cha kwawo, chimene chimafika ife titaiwala kale za Nyuwere. Ana ankawatchula Yeye, ndiye kuti agogo, ifenso tinangoti aYeye. Anafika ndi kachikwama ka masabata ochepa. Kenaka kolona inavuta, ndege zinaima, ndipo anatsekeredwa nafe. Anali munthu wowonda, wotsokomolatsokomola, phewa limodzi lotsika kuposa linzake. Fulasiki ya tiyi sinkachoka m'manja mwawo. Akadya mpunga, mbale inkabwera kusinki ngati yatsukidwa kale, ndipo pochapa ndinkapeza zidutswa za buledi m'matumba a thalauza lawo. Munthu mwana wake ali ndi magalimoto awiri.

M'bindikiro wa ku Dubai sunali wamasewera. Ngakhale kukagula mankhwala unkayamba wapempha chilolezo pafoni. Madamu anawonjezera lamulo lawo: popeza aYeye chifuwa n'chofooka, palibe wotuluka pageti, palibe woyandikira munthu wakunja. Katundu wobwera ndi anyamata a njinga zamoto tinkayamba tamupukuta ndi sanitayiza, ngakhale anyezi.

AYeye anali mphunzitsi wa Chingerezi wopuma, ndiye anasanduka wotanthauzira wa Madamu. Tsiku lina, posowa chochita, anatifunsa za sukulu. Esinati anayankha ndi timawu take tofewa kuti anamaliza Fomu 4, akufuna unamwino, koma Chingerezi chinamugwetsa.

"Nanga iwe?"

"Ndinalekera panjira."

"Chifukwa?"

"Mukafunse amalume anga."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinaganiza kuti andikonda. Koma mawa lake, ana atagona masana, amene anaitanidwa patebulo ndi kope ndi Esinati. Tsiku lililonse zinkatero. Iye akulemba ziganizo, aYeye akumukonza ndi pensulo, ine ndikukolopa mozungulira mapazi awo. "Kwezani miyendo," ndinkatero, ndipo onse awiri ankakweza osandiyang'ana. Ndinkakolopa malo amodzimodziwo mpaka matailosi kuwala ngati galasi, makutu ali patebulo.

Shopu ya Bwana inali yotseka, katundu atangodzaza ku Jebel Ali. Sipanapite nthawi, Madamu anatiitana pabalaza, aYeye akutanthauzira. Ndege zikadzayamba kuuluka, mmodzi mwa ife adzabwerera kwawo. Sanasankhe, akuganizabe. Esinati anayamba kulira pomwepo. Ine ndinangomva fungo la tsiku lija la amalume.

Kwawo kwa aYeye kuli tsiku limene anthu amapita kumanda kukasesa ndi kulambula, ngati mmene ife timachitira tikamakonzekera kumanga chiliza. Linafika tili mkati mwa m'bindikiro. AYeye anatulutsa katebulo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Anaikapo chithunzi chakale cha bambo wa magalasi, malalanje ndi kapu ya tiyi, n'kukhala pampando ali duu. Ine ndinali pazenera la khitchini ndikutsuka mapoto. Esinati anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ndikukawapempha andilankhulire kwa Madamu. Lero mtima wawo ndi wofewa."

"Pita," ndinatero. "Si ndi mphunzitsi wako?"

Anapita monga anatiphunzitsira kwathu munthu akamakapempha chinthu chachikulu kwa wamkulu. Anagwada pa simenti patsogolo pawo, manja kumbuyo, mutu atauweramitsa mpaka khosi kuoneka.

Sindinamvepo nkhalamba ikukuwa choncho. Fulasiki inagwa n'kugubuduzika. Anayamba m'Chitchaina, kenaka m'Chingerezi: "Dzuka! Dzuka! Wakuuza ndani? Dzuka!" Anamugwira phewa n'kumukoka ngati akumuchotsa pamoto. Esinati anathawira kuchipinda akulira. AYeye anakwera kumwamba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ine mtima unavina ingoma. Ndinati maondo aja amene anandidyera sukulu lero amudya mwini wake. Mapoto ndinawatsuka ndikuimba.

M'mawa mwake aYeye anabwera kukhitchini kudzathira madzi otentha mu fulasiki yopindikayo. Ine sindidziwa kuzungulira nkhani.

"Dzulo munamukalipiranji? Kwathu kugwada ndi ulemu."

"Kwathunso," anatero. "Koma osati manja kumbuyo."

Anakhala pa kampando kamene ndinkakwerapo potsitsa mbale, n'kuyamba kufotokoza. Bambo wa pachithunzi uja anali bambo awo, mphunzitsi wa masamu kusekondale. AYeye ali mwana, boma linauza anthu ophunzira kuti alankhule momasuka zimene zikulakwika m'dziko, lithandizidwe kukonza. Bambo awo anakhulupirira. Pamsonkhano wa aphunzitsi ananena kuti akuluakulu a pasukulupo sadziwa za maphunziro, ndipo ana akuchotsedwa m'kalasi pafupipafupi kukachita za chipani. Sipanatenge nthawi, mphepo inatembenuka. Onse amene analankhula anatchedwa adani, ndipo malo alionse a ntchito anauzidwa kuti apeze adani awo. Pasukulupo panafunika dzina.

"Dzinalo analipereka ndani?"

"Mphunzitsi mnzawo, wamng'ono. Ankagona m'kachipinda kopanda zenera. Ife tinali ndi zipinda ziwiri zolowa dzuwa."

"Anawanamizira?"

"Ayi. Zonse zimene ananena, bambo anazinenadi. Sanawonjezere liwu ndi limodzi lomwe." Anatseka fulasiki. "Tisanamalize kulongedza, iye anali atabwera kale kudzayeza zenera la nyumba yathuyo."

Bambo awo anatumizidwa kukalima kutali. Anabwerako patapita zaka, mano atatha, n'kupatsidwa ntchito yosesa pasukulu yomweyo. Ndiye kunabwera chimphepo chachiwiri, choposa choyamba, aYeye ali mnyamata wa sekondale. Ana asukulu anauzidwa kuti aphunzitsi ndi mabuku akale ndiwo akubweza dziko m'mbuyo. Anatulutsa bambo awo pabwalo la sukulu, anawapachika chithabwa m'khosi, n'kuwagwaditsa pa simenti. Manja kumbuyo, mutu pansi. AYeye anali m'gulu la anthu, akuona khosi la bambo awo. Chaka chimenecho sichinathe bambowo ali moyo. Sukulu zinatsekedwa, mayeso olowera kuyunivesite anathetsedwa, ndipo aYeye pamodzi ndi anzawo a m'tauni anatumizidwa kumidzi kukasenza manyowa pa mtengo wopingasa paphewa. Phewa lotsika lija linachokera kumeneko.

Ndinawauza kuti kwathunso kunali nthawi yake. Agogo ankanena monong'ona za makadi a chipani pachipata cha msika, za anthu otengedwa osabwerera, za aphunzitsi amene anathamangitsidwa m'masukulu a kwathu kuno chifukwa cha chigawo chimene anabadwira. AYeye anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sakumva. Munthu wa chilonda chachikulu saona cha mnzake.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera kukhitchini m'mawa uliwonse. Maphunziro a Esinati anayambiranso masana, atamupepesa ndi lalanje. Iye ankalandira galamala, ine ndinkalandira mizimu ya ku China. Ndinkadziwa kuti gawo labwino ndi liti.

AYeye anali ndi matenda amodzi, oposa chifuwa: matenda a "zikanakhala kuti". Ankatenga timitengo todyera n'kutiyala pa kauntala ngati misewu iwiri. Uwu ndi umene dziko linadutsa. Uwu ndi umene likanadutsa, akanapanda kusesa anthu ophunzira aja.

"Taona," ankatero. "Atangowatseka pakamwa, kunabwera njala yoopsa. Akumidzi ankanamiza akuboma kuti zokolola zachuluka, akuboma ankanamiza a pamwamba pawo, ndipo boma linkatenga mbewu molingana ndi bodzalo. Anthu odziwa kuwerengera munda analipo. Koma ndani akanayasamula, ataona zimene zachitikira bambo anga? Akanakhala kuti sanawagwire, wina akanati, akuluakulu, mpunga umenewu kulibe. Anthu ambirimbiri sakanafa. Ndipo popanda njala ija, atsogoleri sakanayamba kulozana zala, chimphepo chachiwiri sichikanabwera, sukulu sizikanatsekedwa. Madokotala, omanga milatho, mbadwo wonse unathera kusenza manyowa. Dziko likanadzuka kalekale."

"Ndiye inu mukanakhala ndani?"

"Ndinkafuna kupanga ndege."

"Bwenzi pano mutapita kwanu," ndinatero, "pa ndege yanuyanu."

Anaseka mpaka ndinawapatsa madzi.

Bwana sankagwirizana nazo. Tsiku lina pa chakudya chamasana anakangana m'Chitchaina mpaka aYeye anamenyetsa timitengo patebulo, mwana wamng'ono n'kulira. Mawa lake aYeye anandifotokozera okha, akadali ndi mkwiyo. Mwana wawoyo akuti chimphepo chija, kuipa konse, ndicho chinachiritsa dziko. Akuti akuluakulu amene anazunzidwa n'kubwerera pamipando anali atapsa mokwanira, ndiye anati zokwanira, anthu alime minda yawo, agulitse, atsegule mafakitale. Akanapanda kupsa, bwenzi akukokakokabe njira yakale pang'onopang'ono mpaka lero, osauka mwaulemu. Sipakanakhala mababu, sipakanakhala Dubai.

"Akuti agogo ake anali mtengo wogulira shopu yake," anatero aYeye. "Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti nonse awiri mukukangana mutakhuta."

Sanakwiye. Anandifunsa kuti ndikutanthauzanji, ndiye ndinawafunsa mmene munthu wosenza manyowa anakhalira mphunzitsi. Anati chimphepo chitatha, boma linatsegulanso mayeso, n'kulola ngakhale amene anakulira kumunda kuti alembe. Iwo anali atayandikira zaka makumi atatu. Anawerenga mabuku ong'ambika obwerekana, analemba pamodzi ndi ana ang'onoang'ono, n'kukhoza. Pambuyo pake boma linalengeza kuti bambo awo sanalakwe.

Apa ndi pamene nsanje inandigwira, ndipo sinali ya Esinati. Inali ya nkhalambayo. Ndinawauza m'maso muli gwa. "Inu sukulu anakulandani, n'kukubwezerani. Anapepesa. Tsoka lanu lili ndi dzina, lili m'mabuku, mukalinena azungu amagwira pakamwa. Ine anandilanda ndani? Mbatata. Palibe boma lidzalengeze kuti ndinalibe mlandu. Palibe adzatsegule chitseko n'kunena kuti onse a Fomu 3 ya chaka chija bwerani."

Ndikudziwa kuti si mawu onena kwa munthu amene bambo ake anafera pa simenti. Sindinawabweze, ndipo iwo sanandiuze kuti ndiwabweze. Anangoti, "Uli ndi zaka zingati?" Nditawauza anati, "Ine pa msinkhu umenewo ndinali ndisanayambe n'kuyembekeza komwe." Ananyamula fulasiki yawo, ndipo masana anakaphunzitsa Esinati monga mwa masiku onse.

Kunja kutayamba kutentha kwenikweni, kuja kotentha ngati watsegula uvuni, boma linafewetsa malamulo. Madamu sanafewetse awo. Koma Esinati, mwana wabwino wa amalume, anali ndi chibwenzi. Dzina lake Mabvuto, wa ku Chipata, mlonda ku Jebel Ali, wogona kukampu ya kampani kumene amuna amadzazana m'chipinda chimodzi. Tsiku lake lopuma ankabwera kudzaima kuseri kwa mabini, kumapeto kwa mzere wa nyumba zathu. Kutaya zinyalala ndiko kutuluka kokha kumene tinkaloledwa, ndipo Esinati mwadzidzidzi anaikonda ntchito imeneyo.

Ndinawapeza tsiku lina nditatsatira ndi katoni imene anaiwala. Masiki onse awiri ali pachibwano, manja atagwirana.

"Ah, ba sisi, muli bwanji?" anatero Mabvuto, mano onse panja. "Niyenda manje manje, osakalipa."

"Sisi wako ndani? Vala chinthucho, ukufuna kutiphera nkhalamba?"

Pobwerera Esinati anandigwira chitenje. "Achemwali, chonde. Musanene."

"Ugwada?" ndinamufunsa. Anayang'ana pansi. Ndinamusambitsa sanitayiza mpaka m'zigongono, ndipo masiku otsatira ndinkamvetsera chifuwa cha aYeye ngati nesi. Sanadwale. Koma ine ndinali nditagwira chinthu m'manja, koyamba chibadwire, ndipo ndinkachisisita ngati mwala wosalala.

Ndege zitayamba kuuluka, Madamu anayamba kutiitana mmodzimmodzi. Esinati analowa koyamba, anatuluka maso ali ofiira. Ine ndinapeza Madamu pa sofa, aYeye pampando wa pambali, fulasiki pamiyendo. Madamu analankhula nthawi yaitali, akuloza kugeti. AYeye anatanthauzira ndi mawu osakwera osatsika, ngati akuwerenga nyuzi.

"Akuti mayi wa nyumba yoyandikana nayo anaona mtsikana wachikuda ataima ndi mwamuna ku mabini. Sanamuone nkhope. Akuti akudziwa kuti si iwe, chifukwa iwe ukapita kotaya zinyalala suchedwa. Akuti mumagona chipinda chimodzi, ndiye ukudziwa. Ukanena, nkhani ya amene atsale yatha lero lomwe."

Mawu ndinali nawo okonzeka. Ndinali nditawayeserera ndikukolopa, m'Chingerezi chabwino, cha galamala yomwe ndinaba pansi pa tebulo. Sindikananama ngakhale pang'ono. Anaphwanya lamulo, anaika moyo wa nkhalamba pachiswe, ndipo ine ndinali woyamba kufika m'nyumba imeneyo.

Vuto linali limodzi. Madamu sakanandimva. Mawu angawo anayenera kulowa m'makutu mwa aYeye, n'kutulukira pakamwa pawo. Ndinawayang'ana. Sanandikodole, sanandiopseze ndi maso, anangodikira ngati munthu amene anaonapo kale zoterezi ndipo akudziwa mathero ake. Ndinadziwa kuti akatanthauzira mokhulupirika, liwu ndi liwu. Ndipo mawa lake akabwera kukhitchini kudzathira madzi, akandiona ndikuyeza zenera.

Musandiyese woyera. Esinati sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Kungoti m'nyumba monsemo chinthu changa chinali chimodzi: nkhalambayo inkakangana ndi ine ngati munthu, pamene Esinati inkangomukonza ziganizo. Chimenecho sindinafune kumusiyira.

"Auzeni kuti sindikudziwa," ndinatero. "Atsikana achikuda mumzere muno tilimo ambiri. A ku Uganda, a ku Kenya. Mayiyo agule magalasi."

AYeye anatanthauzira. Za magalasizo ndikuganiza anazisiya, chifukwa Madamu sanakwiye. Anangopumira m'mwamba n'kunena kuti, "Khalas," ndiye kuti basi, zatha.

Patapita masiku ochepa anandiuza kuti wopita ndine.

Ndinawadikira aYeye kukhitchini. "Mwasankha wophunzira wanu."

"Sanandifunse."

"Ndiye chifukwa chiyani?"

"Viza yako ikutha posachedwa, kuikonzanso n'kodula. Ya Esinati ikadali ndi nthawi." Anayang'ana fulasiki. "Palibe chifukwa china. Panafunika dzina limodzi."

Ndiye kuti chimene chinandichotsa n'chakuti ndinafika msanga. Ndinaseka, koma sikunali kuseka.

"Munkadziwa za ku mabini?"

"Zenera la chipinda changa limayang'ana kumeneko."

"Ndiye bwanji simunanene? Chifuwa ndi chanu."

"Ine ndinasiya kupereka maina ndisanayambe," anatero. Kenaka anatenga timitengo tiwiri pa kauntala, anatiyala ngati misewu ija, n'kundiyang'ana. Ndinatitola n'kutiponya musinki.

Tsiku lonyamuka, Esinati analira mpaka mamina, akundipatsa mafuta odzola ndi nsapato zokapereka kwa amayi ake. AYeye anandigwira chanza, zimene Madamu ankaletsa, n'kundipatsa lalanje. Lalanje. Mnzanga anapatsidwa Chingerezi.

Kwathu ndinafika anthu akundithawa, ati ndabweretsa kolona ya kwa Aluya. Amayi anandiika m'kanyumba ka kuseri, chakudya akundisiyira pakhomo ngati galu woluma. Atayamba kundiyandikira, funso linali limodzi: "Unalakwa chiyani kuti atsale mnzako?" Amalume, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anadziyankha okha. "Pakamwa," anatero. "Ndinanena kale ine." Amayi anandikodola kuti ndigwade powapatsa moni. Ndinaima chilili.

Ndinabwerera pamsewu ndi beseni la kabichi. Kwa amayi ake a Esinati kunafika malata atsopano, akuwala mpaka kuonekera kumsika. Matenda a aYeye ndinabwera nawo, osati chifuwa, koma enawo. Basi ikachedwa, ndimayala misewu iwiri m'mutu. Ndikanangoti, inde Madamu, ndi Esinati, malata amenewo bwenzi ali pa nyumba yathu. Bwenzi ali iye pano akuthamangira mabasi. Masiku ena ndimati ndinachita bwino. Masiku ambiri ndimati ndinapusa, ndinagulitsa Dubai pofuna kuti nkhalamba ya eni ake indione bwino. Bwana ndi bambo ake ankakangana za dziko lalikulu, koma nkhani yake ndi yomweyi: msewu umene sunadutse sumera minga.

Palibe boma limene linanditsegulira chitseko. Ndinapita ndekha kusukulu yamadzulo, ija imayamba ana a m'mawa akaweruka, n'kulembetsa Fomu 3. Ndimakhala kumbuyo, pakati pa ana amene ndinawaona akuyamwa, ndipo amanditchula anti. Aphunzitsi aakulu anandifunsa chimene chandibweza, akuyembekeza mawu okoma a pawailesi. Ndinati, "Pali munthu ndikufuna kumupitirira."

Esinati amaimba foni Lamlungu. Mpaka lero sadziwa zimene ndinafunsidwa pabalaza paja. Amati, "Achemwali, Mulungu ndi wabwino, anandikomera mtima." Ndimati, "Eya, Mulungu." Anakhoza mayeso ake a Chingerezi, ndipo akuphunzira zosamalira okalamba. Tsiku lina anandiuza kuti aYeye apeza ndege, abwerera kwawo kukasesa manda a bambo awo.

"Anakufunsanitu asananyamuke," anatero. "Anati, kodi uja akuwerenga?"

"Uja? Dzina langa sanalitchule?"

"Ayi, linkawavuta. Anangoti uja wosagwada."

"Nanga lako?"

"Langa ankalitchula bwinobwino, tsiku ndi tsiku."

Ndinadula foni, n'kutsegula buku la masamu.